Fomu ya Tiwonge

Wokondedwa mwana wanga Nyuma,

Monire kumeneko ku Joni. Kuno ku Mchengautuwa tili bwino, kupatula bondo langali lomwe limalosera mvula kuposa wailesi.

Lolemba mwana wako Tiwonge ananditengera ku nyumba yosanjikizana ija ya m'tauni. Mayo ine! Makoma ndi magalasi okhaokha, koma chimphepo cha Mzuzu sichiigwedeza. Pansi pake m'powala moti ndinavula nsapato pakhomo, mlonda n'kundithamangira nazo. M'chikepe ndinafunsa kuti kondakitala ali kuti, anthu anaseka mpaka misozi.

Titafika pamwamba, Tiwonge anandilozera nsanamira. "Agogo, kulemera konse kukutsikira umu, magalasiwa ndi malaya chabe." Ine amene khitchini yanga inagwa kawiri ndinangomuthokoza kuti yewo chomene.

Tsono ndamva kuti ukumukakamiza za unesi. Fomu ya ku yunivesite ikubwezedwa Lachisanu, ndipo mwanayu sakudya. Umulole aphunzire zojambula nyumba, jakisoni adzandibaya ena. Ndisanafe ndikufuna ndidzaloze nyumba yotere ndi ndodo yanga, n'kumanamiza anthu kuti nzeruzo anatengera ine.

Umuimbire msanga. Mulungu akusunge.

Ndine bambo wako,
Gondwe