Tinkadikira kuti mvula ithe

Lachinayi, mwezi wa November, kuno ku Mulhuddart, kutsidya kwa nyanja.

Lero ndatopa zedi. Pochokera kuntchito yosamalira okalamba ndapeza mabeseni atatu ali pansi kukhitchini, onse atadzaza madzi.

Mmisiri wa madenga anabwera masana. Anakwera padenga la khitchini, lija la timatailosi taphula, n'kutsika akupukusa mutu. Akuti chaka chatha akanangosintha timatailosito, koma pano matabwa a pansi awola, ndiye asasula zonse. Mtengo ndi eight thousand euro. Chaka chatha anatiuza three thousand.

Ndinangowayang'ana amuna anga. Ndi iwowa anamubweza munthuyu nthawi ija. "Denga safolera m'dzinja, amake Tadala," anatero. "Tidikire mvula ithe." Ine ndinavomera, poti nanenso ndinakulira ku Dedza, komwe anthu amafolera mu September kumwamba kuli mbee. Tinadikira June, inagwa. Tinadikira August, inagwanso.

Lero amufunsanso mmisiriyo kuti kodi mvula imasiya mwezi uti. Iye anaseka, akuti anabadwira konkuno ndipo akudikirabe.

Ndalama tili nayo ndi ya matikiti okaonera amayi pa Khirisimasi, nditatha zaka zinayi osapita kumudzi. Amuna anga sindikuwakalipira, tinalakwa tonse. Koma amayi anasesa kale chipinda chathu. Foni ndaigwira kawiri kuti ndiwauze kuti sitibwera, n'kuiyikanso pansi. Mwina mawa, ndikataya madzi a m'mabeseniwa...