Msilikali wa m'mlengalenga wasiya kumwa madzi

Aphungu,

Ndine telala, ndipo ndikusoka zovala za filimu ya nkhondo ya m'tsogolo, yomenyedwa kutali m'mlengalenga. Amene akusewera ngati mkulu wa asilikali ndi mng'ono wanga. Wotsogolera filimuyi timangowatcha a Bwerezani, chifukwa mawu awo tsiku lonse ndi amenewo. Chovala chankhondo cha mng'ono wangayu anachijambula okha papepala: malata onyezimira kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, mapewa otukuka, pachifuwa poumbidwa motsata thupi, ndi mabauti khumi ndi awiri kumsana.

Kukongola n'chokongola ndithu. Koma kumuveka kumatenga theka la ola, ndipo yekha sangavule. Ndiye tsiku lojambula samwa kanthu, poopa kuti angafune kukataya madzi. Lachiwiri anakomoka pa masitepe. Tinamasula mabautiwo ndi sipanala iye ali chigonere.

Nditadandaula kuti bola tiike zipi m'malo mwa mabauti, a Bwerezani anati, "Mayi, anthu amabwera kudzaona msilikali, osati zipi." Mng'ono wanga nayenso akuti, "Asisi, musandiwonongere mwayi, ndipirira." Ine sindimuvekanso chinthu chimenechi mmene chililimu. Ndichite bwanji kuti asamuchotse pa filimuyi?

E.K., telala

Mayi E.K.,

Mwaganiza bwino, musabwerere m'mbuyo. Koma kwa a Bwerezani musapite ndi misozi, pitani ndi mfundo.

Asilikali akale amene ankavala zitsulo ankazivala m'zidutswa zomangidwa ndi malamba, zopindika pachigongono ndi pabondo, moti ankatha kuthamanga ndi kukwera hatchi. Chapachifuwa chinkakhala chozungulira kuti mkondo uterereke. Chokhala ndi chigwa pakati, ngati chanucho, chimalondolera mkondo pamtima. Ngakhale amene amapitadi m'mlengalenga masiku ano amakhala ndi thumba la madzi akumwa m'kati mwa chovala, ndipo za kuchimbudzi zinaganiziridwa kale. Ndiye anthu a zaka mazana zikubwerazi angapange zombo zofika ku nyenyezi n'kulephera kuganizira ludzu?

Chinanso, kamera siyeza kulemera kwa chinthu. Siponji yolimba yopakidwa penti wasiliva imaoneka ngati chitsulo.

Ndi siponjiyo sokani kaye mbali imodzi yokha ngati chitsanzo, monga phewa ndi mkono. Mitu ya mabauti muimate pamwamba ngati chokongoletsa, zipi ibisale pansi pake. Pa chovala chatsopanocho, chapamwamba ndi chapansi zikhale zolekana, kuti azitha kuvula yekha. Kenako jambulani chakale ndi chatsopano ndi foni, pa kuwala komweko, muwafunse a Bwerezani kuti aloze chachitsulo. Akaumirirabe, apempheni mwaulemu kuti avale chakalecho ola limodzi atamwa makapu awiri a tiyi.

Mng'ono wanu mumuuze mosapita m'mbali kuti wosewera amene amagwa pamaso pa kamera ndiye amachotsedwa msanga. Asanabwerere kuntchito akaonedwe kuchipatala, chifukwa kukomoka kumakhala ndi zifukwa zinanso kupatula ludzu.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musasinthe chovalacho mobisa. Zithunzi zatsopano zikasiyana ndi zimene anajambula kale, mlandu udzagwera inu, ndipo telala amene adzalowe m'malo mwanu adzamanganso mabauti onse khumi ndi awiri osafunsa ngati mwanayo wamwa madzi.

Aphungu