Sekerani, Galu wa Ababa

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.
17 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Rafaeli,

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mukangofunsa kuti kumudzi kuli bwanji, pakamwa panga pamafulumira kunena kuti kuli bwino. Kalatayi ndapatsira a Halidi amene akubwerera ku Joni Loweruka. Ife tadzuka. Dzuwa likuswa mtengo, nandolo tapuntha koma sanachite bwino.

Achimwene, Sekerani anafa.

Inu munachoka ali kamwana, ndiye simudziwa zimene galu ameneyu ankatichitira. Chimwalirireni amayi, mutu wa ababa sukuyenda bwino. Amatha kunyamula khasu kuti akupita kumunda umene anamangapo sukulu kalekale. Sekerani ndiye ankawatsatira. Akasokera ankaima kutsogolo kwawo n'kumauwa mpaka atembenuke, iwo n'kumalondola mchira wake kufikira pakhomo. Ine ndinkapita kudimba mtima uli m'malo.

Mwezi watha njinga yamoto ya kabaza inamugunda pamsewu. Ababa anamunyamula okha, malaya onse magazi. Miyendo yakumbuyo inali lende. Ndinaimbira a Lawrence, dokotala wa ziweto wa kuno. Anamupapasa msana, anamutsina zala zakumbuyo ndi kachitsulo, Sekerani osamva kanthu. Anamubaya jekeseni wopha ululu, anasiya mapiritsi, n'kuti tiyambe taona. Ababa anamuyalira jekete lawo lopitira kutchalitchi, kumamudyetsa phala ndi supuni. Koma ankadzikodzera pomwepo, m'chiuno munabuka zilonda, ntchentche n'kupezerapo.

A Lawrence atabweranso anandiitanira kuseri kwa khola.

"Chemwali, msana unaduka. Ngakhale ku Blantyre sangaulumikize. Galuyu akuzunzika. Ulipo jekeseni woti agone osadzukanso, samva kupweteka."

"Nanga ababa?"

"Galu ndi wawo. Afunseni."

Ndinawafunsa. Anandiyang'ana ngati andigwira ndikuba, ndipo anati, "Agnes, inenso miyendo ikadzafooka udzaitana munthu yemweyu?"

Ndinasiya. Koma galu anasiya kudya, kumangolira chapansipansi. Lamulungu, ababa atapita kutchalitchi ndi aneba, ndinawaitananso a Lawrence. Poyamba anakana kuchita mwini wake palibe. Atatsegula chilonda n'kuona mphutsi, anati, "Mugwireni mutu." Ndinamugwira, iye akundinyambita dzanja. Sizinatenge nthawi. Tinamukwirira patsinde pa nthochi kudimba.

Ababa ndinawauza kuti dokotala wamutengera kuchipatala cha agalu ku Blantyre. Munthu amene amaiwala kuti wadya, amene amafunsa kuti amayi abwera liti kumsika, ndinkati izinso aiwala. Sanaiwale. M'mawa uliwonse amakakhala m'mbali mwa msewu kudikira njinga ya a Lawrence. Lachinayi lapitali anauyamba wapansi kuti akamutenge okha. Tinafunafuna mudzi wonse. Anawapeza amayi ena ogulitsa tomato cha ku Njuli, nsapato ili imodzi, milomo ili gwa, dzina lawo osalikumbuka.

Tsopano ndikamapita kumjigo ndimawatsekera m'nyumba. Bambo wondibala, achimwene, ndimawatsekera ngati mbuzi. Amamenya chitseko n'kumaitana galu ndi likhweru, ine ndikumva ndili ndi ndowa pamutu. A Lawrence, mwa chifundo chawo, anabweretsa kagalu kena, koma ababa anakapirikitsa ndi ndodo. A Lawrence anandiuzanso kuti ndisadziimbe mlandu, Sekerani sakanachira. Ndikudziwa. Koma bola akanamagona pakhonde ndi zilonda zakezo, ababa sakanapita patali. Sindidziwa amene ndinamuthandiza.

Dimba lauma, ndilibe mpata wothirira. Alamu anu anapita kwawo ku Phalombe kukathandiza kufolera nyumba. Zimenezo tidzakamba tikadzaonana.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Mukaimba foni, ababa akatchula Sekerani, muziti mwamva kuti akupezako bwino. Chinacho, bwerani. Musatumize bulangete kapena shuga, bwerani inuyo. Ndatopa, achimwene, ndipo ndilibe woti ndimuuze.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Hannah akuti moni kwa amalume, sukulu akupita masiku amene ndilibe pomutuma. Ababa ali pambali panga pano. Ndawauza kuti ndikulembera Rafaeli, mwana wawo woyamba, anenepo mawu. Aganiza nthawi yaitali, kenako akuti, "Ameneyo ngati amagwira ntchito kuchipatalako, umuuze kuti galu wanga amaopa mabingu. Mvula ikayamba asamusiye panja."

Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu,
Agnes