Beshiki Yodziwa Kubwerera

Kokand,
14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Salomat,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Novosibirsk, pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Kodi mawondo aja akukuvutitsabe? Kuno tili bwino mwa chifundo cha Mulungu, ndipo alamu ako a Mastura akupereka moni.

Unamva kale kuti mwana wanga Dilbar anabereka mwana wamkazi patatha zaka khumi ndi zinayi ali pabanja. Zimene ndikulemba pano sindikanatha kuzinena pa foni.

Monga makolo a mayi wa khanda, udindo wopereka beshiki, kabedi kogwedeza kaja, unali wathu. Alamu ako anati tikagule kumsika, ine ndinakana. Kwa achimwene a Nurmat, amene mzinda wonse umawatama pa ntchitoyi, sindikanapita. Chifukwa chake ukuchidziwa, koma ndichilemba kuti chikhale papepala mwadongosolo.

Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, patangotha miyezi itatu bambo atamwalira, ndinapanga beshiki yanga yoyamba m'nyumba yawo yogwiriramo ntchito. Mayi wina wa m'dera lathu anali ataiitanitsa kale kuti ikhale ya mdzukulu wake. Achimwene anaikankha kamodzi kokha, anainyamula, n'kukaiponya m'ng'anjo ya buledi antchito onse akuona. Anati munthu wa manja ngati angawa akafune ntchito ya boma. Ndinaipezadi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndinayeza masikelo a m'misika, ndipo palibe wogulitsa amene anandipusitsapo ngakhale ndi galamu imodzi. Pa maliro ndi pa maukwati tinkapatsana moni ndi achimwene, koma pakhomo pawo sindinapondepo.

Choncho ndinaganiza zopanga ndekha, kuti mlandu wakalewo uweruzidwe ndi ntchito. Ndinagula matabwa a mabulosi ouma bwino, ndinajambula mbali iliyonse papepala, ndipo ndinagwira miyezi itatu pansi pa mpesa wathu. Mauta awiri apansi, amene beshiki imagwedezekerapo, ndinawalemba ndi kampasi kuti kukhota kwake kufanane kuchokera kunsonga mpaka kunsonga.

Patatsala masiku asanu ndi limodzi kuti phwando logoneka khanda m'beshiki lichitike, alamu ako anati aiyese. Poti beshiki yopanda mwana saigwedeza, anaikamo thumba la mpunga la makilo anayi, n'kulimanga ndi malamba ngati khanda. Atagwedeza pang'onopang'ono inayenda bwino, ndipo ndinayamba kale kumwetulira. Kenaka anakhala pansi, anatsinzina, n'kuikoka monga amakokera mayi amene watha masiku atatu osagona. Inapita, inapitirira, n'kugwera chammbali. Kugunda kwa thumbalo pansi ndikukumvabe.

Alamu ako sanakweze mawu. Anati, bambo a Dilbar, mpunga ukagwa timatola, koma mwana amene tamudikira zaka zonsezi sagona m'chinthu ichi ngakhale pepala lanu lilumbire. Anati ndipite nayo kwa akulu anga, apo ayi apita okha, ndipo akapita okha akanena zonse, kuphatikizapo kumwetulira kwanga.

Ndinaiyezanso katatu. Panalibe polakwika ngakhale pamodzi. M'mawa mwake ndinaikweza m'galimoto.

Ndinkadziwa kuti maso a achimwene anafa zaka ziwiri zapitazo, choncho ndinkayesa kuti ntchito anasiya. Ndinawapeza atakhala pakati pa utuchi akupala thabwa. Ndisanapereke moni ndinatsokomola, ndipo iwo anati kutsokomola kumeneko n'kwa boma, kodi wabwera kudzayeza sikelo yanga, Ergash?

Ndinawaikira beshiki patsogolo. Anaisisita nthawi yaitali, mzati uliwonse, polumikiza paliponse. Anati polumikiza n'pabwino kuposa mmene ana awo ankalumikizira asanasiye ntchitoyi. Kenaka dzanja linatsikira ku mauta, linayenda mpaka kunsonga, n'kuima. Anati, iyitu ndinaiotcha kale, yabwerera bwanji?

Salomat, ndinkafuna kuinyamula n'kutuluka. Chinandikhazika pansi ndi kukumbukira nkhope ya Dilbar.

Anati uta wa kampasi sudziwa pothera, umangomvera dzanja. Mayi wogona tulo alibe muyezo, amakoka ndi mphamvu zimene sakuzidziwa, ndiye beshiki iyenera kumumvera pakati koma kumukanira kunsonga. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zimenezi tsiku lija m'malo moyatsa moto. Anati, kodi unafunsa? Unanditulutsira rula n'kunditcha mbuli pamaso pa antchito, ndipo mayi uja ankabwera kudzaitenga tsiku lomwelo. Mawu oti mbuli ndinali nditawaiwala. Atawatchula ndinawakumbukira, ndi malo omwe ndinaima powanena.

Zimene zinatsatira ndiyesa kuzilemba monga ndinazionera. Anaigadamitsa beshiki, anatenga chopalira, ndipo anasendeza tsaya lawo pafupi ndi thabwa ngati akumvetsera munthu wonong'ona. Anapala chakufupi ndi nsonga zokha, kuti pamenepo pawongokeko. Ndinawerenga: kumutu anapala maulendo khumi ndi asanu ndi anayi, kumiyendo makumi awiri ndi atatu. Zimene zinagwa pansi zinali zopyapyala ngati khungu la anyezi, zosadzaza n'chikhatho chomwe. Pakati pa kupala ankabweza chala chachikulu pamalopo, milomo ikuyenda, ndipo nkhope yawo inali ya bambo, ndendende.

Anaikamo thumba la mchenga limene amasungira ntchito imeneyi, n'kundiuza kuti ndikoke ngati amene ali m'katimo ndi iwowo. Ndikuulula kuti ndinakoka ndi mkwiyo wanga wonse. Beshiki inathamanga, inafika pamalo pamene inagwera dzulo lake, inachedwa, inaima kamphindi ngati wina waiwakha, n'kubwerera yokha mopanda phokoso. Ndinakokanso, inachitanso chimodzimodzi. Ine, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu, ndinagwada n'kusuzumira pansi kuti ndione chimene chikuigwira. Munalibe kanthu, thabwa lokha.

Nditafika kunyumba ndinayeza. Kusiyana kwake ndi pepala langa sikufika n'kuchindikala kwa ndalama yachitsulo, ndipo mauta awiriwo safanana ndendende. Ndinakhala ndi manambalawo masana onse, osapeza lamulo lake. Moyo wanga wonse ndinkakhulupirira kuti chilichonse choona chimayezeka. Ndaona chinthu choona chimene chimakhala m'chala cha munthu wakhungu.

Phwando linayenda bwino. Monga mwa mwambo, azakhali a mwamuna wa Dilbar anagoneka khanda mopingasa mwadala kawiri, amayi onse akukana, ndipo kachitatu analigoneka bwino n'kulimanga. Linagona asanamalize nyimbo. Asewere atafunsa amene anaipanga, ndinayankha molondola, kuti matabwa ndi polumikiza ndi ntchito yanga, koma kubwerera kwake ndi kwa achimwene a Nurmat.

Usayese kuti ndakhululuka zonse. Mpaka lero ndikuti moto uja unali wankhanza, ndipo munthu wamkulu akanatha kulankhula. Komabe pali chinthu chimene chikundisautsa. Mdzukulu wa mayi uja, amene akanagona m'beshiki yanga yoyamba, ndimamudziwa. Ndi bambo wonenepa wogulitsa mavwende kumsika waukulu, ali ndi ana asanu, ndipo sikelo yake ndinaiyezapo kangapo. Sabata yatha ndinaima patali n'kumamuyang'ana akukangana ndi wogula, ndikukumbukira kugunda kwa thumba lija pansi.

Tsopano pempho langa. Ana a achimwene onse amayendetsa magalimoto kunja, ndipo palibe amene analandira ntchitoyi. Ine ndikupitako m'mawa uliwonse. Amandimanga nsalu kumaso n'kundipatsa mauta awiri kuti ndinene wabwino, ndipo pa khumi ndimalakwa asanu ndi limodzi. Amaseka, amati boma linandiumitsa zala. Chopalira chawo akuti n'chachikulu kwa ine, poti dzanja langa ndi laling'ono ngati la bambo. Chopalira cha bambo unatenga ndiwe utakwatiwa, ndipo ndikudziwa kuti chili m'kabati yako ya magalasi. Ndikukupempha unditumizire kudzera mwa munthu wodalirika, osati papositi. Usachedwe nacho, mlongo wanga. Achimwene ayamba kupuma movutika, ndipo dzulo anagona katatu ntchito ili m'manja.

Mulungu akusunge, akupatse mphamvu m'nyengo yozizira ikubwerayi. Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana ndi kwa adzukulu onse, aliyense pa dzina lake.

Ndine mlongo wako,
Ergash