Mzere Wopanda Dzina pa Fomu ya Mayi Voss

GULU LA AMAYI OTHANDIZANA PA KHANSA YA M'MAWERE, MULLAGARRA
Msonkhano wa komiti

Tsiku: Lachinayi, 10 Epulo 2025
Malo: Chipinda cha kuseri kwa holo ya tawuni
Nthawi yoyambira: 2:07 masana

Opezeka: Mayi Noeleen Pratley (Wapampando), Mayi Glenys Hartwig (Mlembi), Mayi Raelene Dobbs, Mayi Marj Tonkin, Mayi Dulcie Kruse.

Osapezeka: Mayi Coral Ibbotson. Anatumiza uthenga kuti kufamu kwawo akumeta nkhosa ndipo iwo akuphikira ometa asanu ndi anayi.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano. Tinakhala chete mphindi imodzi pokumbukira Mayi Lorna Whitty, amene tinawaika m'manda pa 21 Malichi. Mpando wawo sunachotsedwe.

2. Zolembedwa za pa 13 Malichi

Mlembi anawerenga. Mayi Kruse anati timapilo topanira m'khwapa, timene timapatsa mayi aliyense wopita ku opaleshoni, tilipo 14, osati 15. Mlembi anatsegula kabati n'kuwerenga pamaso pa onse. Tinalipo 15. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Kalata ya Mayi Sharlene Voss

Mlembi anawerenga kalata ya pa 4 Epulo yochokera kwa Mayi Voss, a zaka 44, amene amagulitsa m'bala ya pahotelo. Iwo analemba kuti mu 2012 anakaikitsa timatumba tokulitsira mawere. Mu Febuluwale chaka chino bere lakumanzere linatupa, ndipo madokotala apeza khansa imene imayambira mozungulira kathumbako, osati m'bere lenilenilo. Opaleshoni yochotsa timatumbato ili Lolemba pa 28 Epulo ku Brisbane, mtunda wa makilomita 780. Chipatala chikufuna fomu yokhala ndi dzina la munthu wamkulu amene adzawatenge pobwerera n'kugona nawo usiku woyamba. Fomuyo ikapanda kufika pa 17 Epulo, tsikulo alipereka kwa wina ndipo iwo abwerera kumapeto kwa mzere. Ali okha, mwana wawo ali ku mgodi ku Western Australia ndipo sanapeze tchuthi. Akupempha galimoto ya gulu ndi woyendetsa.

Mlembi anadziwitsa komiti kuti fomuyo ali nayo patebulo, ndipo Mayi Voss akudikira panja m'galimoto mwawo.

Mayi Dobbs anati lamulo lachinayi la gulu limanena za mayi wodwala khansa ya m'mawere, ndipo kalata yomweyo ikuvomereza kuti khansayi si ya m'bere. Mayi Tonkin anafunsa kuti, “Nanga chatupa n'chiyani, bondo?” Wapampando anapempha kuti aliyense wofuna kulankhula azidzera kwa iwo.

Mayi Kruse anati anthu amene amagula masikono a gulu pamsika wa Loweruka amatero pofuna kuthandiza amayi amene matenda angowagwera, osati amene anachita kuwaputa dala. Anati Mayi Voss mpaka lero amakabayitsa jakisoni wokulitsa milomo kwa nesi wa zokongoletsa nkhope amene amabwera m'tawuni muno pa miyezi itatu iliyonse, ndipo amatulukamo ngati alumidwa ndi njuchi. Mayi Tonkin anayankha kuti theka la amayi ogula masikonowo amafola kwa nesi yemweyo kukabayitsa jakisoni woumitsa pachipumi kuti pasachite makwinya. Anati, “Pamaliro a Lorna munawaona a kwaya? Kulira amalira ndithu, koma pachipumi osagwedezeka.” Wapampando anati zimenezi zisalembedwe. Mlembi anapepesa kuti anali atalemba kale.

Mayi Dobbs anapempha kuti mawu awo alembedwe mmene awanenera, ndipo ndi awa:

“Ine anandidula mawere onse awiri pa 3 Juni 2014, ndikulira. Nditatuluka m'chipatala bambo a kunyumba anati tiyeni ku hotelo tikadye, uiwaleko. Ndinavala bulawuzi yopanda kanthu m'kati. Sharlene Voss yemweyu anali kuseri kwa kauntala, mabatani atatu osamanga, amuna onse maso pomwepo, ndi wanga yemwe. Sindikuti anandilakwira. Koma mpeni umene ine ndinkauthawa, iye anachita kuulipira. Ndiye lero ndimuyendetse tsiku lathunthu, ndikamugwirire beseni akamasanza? Pepani, mtima umenewo ndilibe.”

Mayi Tonkin anaimirira, ngakhale Wapampando anati angathe kulankhula ali pansi. Anati atadulidwa bere mu 2013 anawaikira kathumba m'malo mwake, ka mtundu womwewo umene uli mwa Mayi Voss, ndipo nawonso analandira kalata yochenjeza kuti timatumbato tingayambitse khansa. Nawonso anapempha kuti mawu awo alembedwe:

“Ndipo poti lero tikuulula, dokotala atandifunsa za kukula kwake ndinati awonjezereko pang'ono, poti patebulopo ndagona kale. Ndinkafuna kuoneka bwino, Raelene. Ndinali ndi zaka 52 ndipo ndinkafunabe. Langali likatupa mawa, udzandiwerengera lamulo lachinayi?”

Mayi Dobbs anati, “Iwe ndi nkhani ina.” Mayi Tonkin anafunsa kuti, “Ina bwanji, mnzanga?”

Wapampando anafunsa za oyendetsa. Mlembi anakumbutsa komiti kuti inshuwalansi ya galimoto imagwira ntchito pa ulendo wokhawo umene komiti yavomereza, ndiponso kwa oyendetsa olembedwa. Olembedwa analipo atatu: Mayi Dobbs, Mayi Ibbotson ndi malemu Mayi Whitty. Mayi Tonkin mkono wawo wotupa sulola ulendo wautali, ndipo Mlembi anabweza laisensi mu 2021 chifukwa cha maso. Mayi Dobbs anati ngakhale komiti ivomereze, iwo sapita. Mlembi anati pa 8 Epulo Mayi Ibbotson anawauza pa foni kuti kumeta kutha pa 24 Epulo, ndipo ngati komiti ivomereza iwo apita ndipo dzina lawo lilembedwe pa fomu.

Mayi Tonkin anapempha kuti tiwaimbire Mayi Ibbotson avote pa foni. Wapampando anati lamulo lachisanu ndi chinayi silola voti ya munthu amene sali m'chipinda. Mayi Kruse anawonjeza kuti kukhola lometerako foni sigwira n'komwe.

Mayi Tonkin anapereka ganizo loti gulu lipereke galimoto kwa Mayi Voss. Mlembi analichirikiza. Zotsatira za voti:

Ovomereza: 2 (Mayi Tonkin, Mlembi)
Okana: 2 (Mayi Dobbs, Mayi Kruse)

Mlembi anakumbutsa kuti zikafanana chonchi, Wapampando ndiye amadula. Wapampando anati iwo sakufuna kugawa gulu limene langoika kumene mnzawo m'manda. Anati mbali zonse ziwiri azimva ndipo zonse zawakhudza. Analamula kuti nkhaniyi idikire msonkhano wotsatira, Mayi Ibbotson akadzakhalapo.

Mlembi anapempha chilolezo chonena masiku. Anati msonkhano wotsatira uli pa 8 Meyi, ndiye kuti masiku 21 pambuyo pa tsiku la fomu, ndi masiku 10 pambuyo pa opaleshoni. Anafunsa ngati tingaitanitse msonkhano wapadera. Mayi Kruse anati msonkhano wapadera umafuna chidziwitso cha masiku 14. Mlembi anawerengetsa n'kupeza kuti zimenezo zikutifikitsa pa 24 Epulo, fomu itachedwa ndi sabata imodzi. Wapampando anati, “Ndamva, a Glenys. Ingolembani.”

Chigamulo: nkhaniyi yaimitsidwa mpaka pa 8 Meyi.

4. Zina ndi zina

(a) Mayi Kruse anati pamsika wa Loweruka pa 19 Epulo aliyense abweretse masikono 24.

(b) Mlembi anafunsa chimene akawauze Mayi Voss. Wapampando anati akawauze kuti komiti ikuganizirabe pempho lawo ndipo ikuwafunira zabwino.

(c) Mayi Tonkin anafunsa ngati kapilo nakonso kamafuna voti. Wapampando anati ayi, kapilo ndi ka mayi aliyense. Mayi Dobbs ananyamuka n'kutsegula kabati okha. Anatenga kamodzi, anakafinya, anakabwezera, n'kusankha kena kolimbirapo kamene anasoka iwo eni. Popereka kwa Mlembi anati, “Mwati kumanzere, eti? Mukamuuze aziika pansi pa lamba pobwerera. Msewu uja ngwa mabampu, lamba amadya pabala.” Mayi Tonkin anafunsa kuti, “Lamba wa galimoto iti?” Wapampando anati nkhaniyo yatsekedwa kale pa mfundo yachitatu.

5. Msonkhano wotsatira

Lachinayi, 8 Meyi 2025, nthawi ya 2:00 masana, malo omwewa.

6. Kutseka

Wapampando anathokoza onse ndipo anatseka msonkhano nthawi ili 3:52 masana. Tiyi sanamwedwe.

Zowonjezera za Mlembi: Nthawi ili 3:58 ndinatuluka ndi fomu ndi kapilo. Mayi Voss anali atadikira ola limodzi ndi mphindi 51. Ndinawauza mawu a Wapampando mmene anandipatsira. Anatembenuza fomu n'kuyang'ana mzere wa dzina. Anati, “Musadandaule, mayi, ndinkadziwa. Mawa ndiwaimbira achipatala, tsikulo apatse wina.” Kenako anafunsa amene anasoka kapiloko. Ndinawauza. Anakayang'ana kanthawi, anakalowetsa pansi pa lamba cha kumanzere, n'kuliza galimoto.

Timapilo m'kabati tatsala 14.

Wosaina: ______________________
Noeleen Pratley, Wapampando

Wosaina: G. Hartwig
Glenys Hartwig, Mlembi
10 Epulo 2025