Madisiki Anayi ndi Ukwati wa Mwana wa Anamwino

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mukanandidula pakamwa monga mwa masiku onse.

Mukukumbukira mmene munaisekera kompyuta yanga yokonzera mafilimu a maukwati mutabwera kutchuthi? Munati ikuyenda ngati bilimankhwe. Munandikakamiza kugula bokosi losungira mafilimu la madisiki anayi ogwira ntchito ngati disiki imodzi, mpaka ndinagulitsa kamera yanga yachiwiri. Nditafunsa kuti, "Nanga imodzi itafa?" munandiyankha kuti, "Iwe mantha achuluka. Si alipo anayi?"

Liwiro linalipodi, sindinama. Filimu imene kale ndinkaidikira mpaka kuphika ndi kudya, inkatha tiyi asanazizire.

Lachiwiri lapitali bokosi lija linayamba kulira kuti tiki tiki, kenako kagetsi kamodzi kanafiira. Ndinathamangira kwa okonza makompyuta aja a kuseri kwa sitolo ya nsapato. Atangoona anapukusa mutu.

"Mayi, anakulumikizirani ndani chonchi? Apa chithunzi chilichonse chimang'ambidwa panayi, disiki iliyonse n'kusunga chidutswa chake. N'chifukwa chake zimathamanga. Ikafa imodzi, basi."

"Koma atatuwa ndi amoyo!"

"Amoyo, inde. Koma asunga zinyenyeswa zokhazokha."

Munkadziwa zimenezi, achimwene? Ngati munkadziwa, munandibisiranji? Ngati simunkadziwa, munalankhuliranji motumbwa chotero?

M'menemo munali ukwati wa mwana wa anamwino aja amene ankasamalira amayi athu m'chipatala. Amuna awo anavina pa ukwatiwo atagwira ndodo, analangiza mwana wawo anthu n'kukhetsa misozi, ndipo mwezi usanathe anatisiya. Makhadi a m'kamera ndinali nditajambulirapo kale ukwati wina, podalira anayi anu aja.

Dzulo anamwino anabwera ndi mwana wawoyo kudzatenga filimu. Anakhala pampando wapulasitiki wapakhomo paja, nati, "Mwanangu, za keke ndi za magalimoto zisiye. Ungondionetsa pamene bambo ake akulankhula." Ndinawauza zoona. Sanakalipe ayi. Bola akanandituka! Anangofunsa kuti, "Ngakhale mawu okha?" Mwana wawo anawagwira mkono n'kutuluka nawo, chikwama chawo atachiiwala pansi.

Tsopano ndikuyenda khomo ndi khomo kwa amene anali pa ukwatiwo, kupempha tizidutswa ta m'mafoni. Ndapeza kamodzi kogwedera, kojambulidwa kumbuyo kwa chipewa cha munthu. Bamboyo akumveka akutsokomola, akuti "mwana wanga," kenako wojambulayo akutembenukira ku keke. Kameneko ndiko ndikawapatse?

Madisiki atatu otsalawo ndawalekanitsa, iliyonse izisunga zonse payokha. Kompyuta ichedwe, ndidikira. Ndipo chonde musanditumizire china chatsopano chimene mwachiona m'sitolo kuti mundipepese nacho. Ndidzachibweza osachitsegula.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Kamtsikana kanu kaja mukauze kuti azakhali akasokera kale diresi. Amayi akupereka moni. Miyendo ikuwavutabe, komabe aitana anamwino kuti Lamlungu adzaonere limodzi filimuyo, ndipo andituma kale kuti ndikabwereke mipando. Amayiwo sindinawauze kuti filimuyo inatayika. Muwaimbire ndinu, achimwene, muwauze.

Ine mlongo wanu.