Madzi Owiritsa a Bambo Matiki

Okondedwa achimwene,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Kuno ku Matandani tadzuka, ndipo mwendo wa mayi uja wasiya kutupa. Kaya inu ku Joniko?

Ng'ombe yanu yabere ija yafa. Inkangotsokomola pang'ono, ndiye a Matiki, oyandikana nafe aja, anabwera kudzaibaya jakisoni. Mankhwala atachepa, anawonjezera madzi a pachitsime. Nditadandaula, anaseka: "Iwe, madziwa ndawiritsa! Fomu folo yakoyo ukaphunzitse nkhuku." Posakhalitsa ng'ombe inayamba kunjenjemera, thupi lili moto, kenako inataya mwana n'kugona osadzukanso.

Alangizi a ziweto ku Lisungwi akuganiza kuti ndi madziwo. Akuti kuwiritsa kumapha mabakiteriya, koma makoko awo amatsala. Makokowo akalowa m'magazi, maselo a nyama amawazindikira n'kuyamba nkhondo yoopsa, mpaka thupi limadziwononga lokha.

A Matiki sanapepese. Akuuza anthu kuti ndinkaisiya idye mapulasitiki. Achimwene, ndiulule: ndikatsinzina kuti ndipemphere, ndimangoona khola lawo lili mbee, iwo akulira ngati mmene mayi analirira ng'ombeyo itafa. Ndipo zimandikoma.

Sabata likubwerali kuli Mgonero ndi mwambo wosambitsana mapazi, ndipo abusa, podziwa nkhaniyi, ati ineyo ndiwasambitse mapazi a Matiki. Ndavomera. Chonde mundipempherere msanga, mundiimbirenso foni mundikalipire, chifukwa mtima ukundiuza kuti madzi a m'beseniwo ndiyambe ndawawiritsa, monga amachitira eni akewo.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane